Mwana akubwereza sitandade 3 koma kuwerenga sakutha, ndimulipilire pati taimu?

Funsoli ndi la mayi wina wa ku Malindi. Akuti mnyamata wawo wa zaka 10 akubwereza sitandade 3, notsi amakopera bwinobwino koma mukamupatsa buku amangoyang'ana pansi, ndiye anzawo akuwauza kuti amuyambitse pati taimu.

Mayi, ndalamayo isungeni kaye. Pati taimu nthawi zambiri amangobwereza zomwe zija za m'kalasi, pomwe mwana wanuyu mwina chinamuphonya ndi cha ku sitandade 1, maliwu a malembo ndi maphatikizo, ba be bi bo bu. Kukopera zapabolodi kusakupusitseni, mwana atha kujambula malembo okongola chaka chonse osadziwa kuti akuti chani. Madzulo ano tengani buku lake la Chichewa, muphimbe chithunzi ndi dzanja, muloze liwu limodzi pakati pa tsamba. Akayamba kulakatula chiganizo chonse kuchokera pamwamba, dziwani kuti analoweza ngati nyimbo basi.

Kenako pitani kusukulu, osadikira tsiku lotsekera teremu. Muyambe ndi aphunzitsi a kalasi yake, muwapemphe akuonetseni rejisitala ndi buku lomwe amalembamo mmene mwana aliyense akuchitira. Rejisitala imaulula zambiri, ana ena amachoka pakhomo atavala yunifomu koma tsiku lonse ali pa doko kuthandiza kukoka makoka. Mufunsenso ngati pali makalasi othandiza ana otsalira m'mbuyo. Chiyambire National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, mu 2016, aphunzitsi a sitandade 1 mpaka 4 anaphunzitsidwa kuthandiza ana otere paokha, sukulu zina amatero akaweruka, ndipo izi si zolipira ayi. Kungoti kalasi ya ana opitilira 100 mphunzitsi m'modzi, mwana wofatsa wokhala kumbuyo amangoiwalika, amene kholo lake labwera kudzafunsa ndi amene amakumbukiridwa. Pemphani amukhazike kutsogolo.

China chomwe ambiri sitichiganizira kuno ku Mangochi: kunyumba mumayankhula Chiyao? Ngati ndi choncho mwanayu anayamba sukulu akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, Chichewa chomwe komanso kuwerenga. Si umbuli umenewo. Auzeni aphunzitsi, amukhazike ndi mnzake wodziwa zonse ziwiri. Ndipo izi zikonzedwe pano, chifukwa ku sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, kumeneko ndiye amasokonekeratu.

Maso ndi makutu muyezetse kuchipatala, likodzonso, kunyanja kuno limafooketsa ana mwakachetechete. Ngati akutsinzina poyang'ana bolodi kapena mumachita kumuitana katatu, auzeni ahedi. Iwo amadziwa kolumikizana ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ku ofesi yawo ya TDC ya zoni yanu, ndipo a PEA angakupezereni mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, kuti amuunike. Alipo ochepa ndithu, mudzafunika kumakumbutsa. A mother group pasukulupo nawonso amathandiza kutsatira ana ojomba.

Kunyumba mphindi 15 patsiku zakwana, asanapite ku madrasa kapena akabwerako, maphatikizo asanu okha, azilemba ndi kamtengo pamchenga uku akutchula mokweza. Ngati inu kuwerenga kumakuvutani, mkulu wake kapena mwana wa aneba wa sitandade 7 atha. Chikwapu chokha chisakhalepo, komanso mawu aja oti mbuli iwe. Teremu ikatha mundilembere kuti wafika pati, za pati taimuzo tidzaziona pamenepo.