Kodi mpikisano wothamanga umapindulira mzinda wa Blantyre?

Achimwene, mwafunsa ngati mpikisano wothamanga umabweretsa phindu mumzinda kapena ndi kungotsekera anthu misewu. Phindu lilipo, koma silifika m'thumba mwa aliyense.

Oyamba kukolola ndi eni malo ogona alendo. Marathon ndi makilomita 42.195, ndiye munthu wochokera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe sangatsike basi pa Wenela m'mawa womwewo n'kuyamba kuthamanga. Amafika dzulo lake, agone, adye. Amayi ogulitsa nthochi, madzi ndi mandasi cha ku Kamuzu Stadium nawonso amaweruka msanga katundu atatha. Olira ndi madalaivala a minibasi za Limbe, chifukwa Chipembere Highway ikatsekedwa m'mawa, ndalama ya abwana imavuta kukwana tsiku limenelo.

Pa zachifundo mpamene ndimakayika. London Marathon inayamba mu 1981 ndipo yasonkhanitsa ndalama zoposa mapaundi 1 biliyoni, koma njira yake ndi yakuti wothamanga amadzisankhira bungwe n'kupempha abale ndi anzake kuti asonkhe m'dzina lake. Ndalama yolembetsera payokha sipita patali: imathera ku madzi, mamendulo, malaya, ambulansi ndi mphoto za opambana. Zotsala n'zochepa ndithu.

Choncho mukamva kuti phindu lipita kwa ana odwala, afunseni okonzawo musanalipire kuti pa ndalama yanu yolembetsera ndi zingati zikafike kumeneko, ndiponso kuti adzalengeza liti zimene zasonkhedwa. Ine ndimalembetsa akandiyankha mafunso awiriwa.