Pulogalamu yanga ya Python ikutumiza uthenga ku syslog koma sukufika

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amayang'anira seva ya Ubuntu pa ofesi yawo. Ali ndi kapulogalamu ka Python kamene cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imakadzutsa usiku uliwonse kuti kakopere mafayilo a ofesiyo n'kukawasunga pena. Akufuna kuti kazinena zimene kachita mu syslog, dongosolo losunga zolemba za makina, pamodzi ndi mauthenga ena onse a makinawo. Anaika `SysLogHandler()` monga anaonera pa intaneti, kapulogalamuko kamayenda mpaka kumapeto osadandaula, koma akatsegula /var/log/syslog sapezamo kanthu. Funso lake ndi lakuti, walakwitsa pati?

Achimwene, vuto lanu lili m'mabulaketi opanda kanthuwo. Mukalemba `SysLogHandler()` osatchula kumene uthenga upite, Python imausankhira yokha njira: imautumiza pa netiweki, ku localhost, pa port 514, kudzera pa UDP. Kale imeneyi inali njira yodziwika ya syslog, koma pa Ubuntu wa masiku ano rsyslog, pulogalamu imene imalandira mauthengawa n'kuwalemba mu /var/log/syslog, sikhala ikumvetsera pa port imeneyo, pokhapokha wina atatsegula gawo lake lotchedwa imudp. Tsono UDP ndi munthu wofika pakhomo, kunena kuti "Odi!", kusiya katundu pakhonde n'kumapita, osadikira kumva ngati m'nyumbamo muli munthu. N'chifukwa chake Python sikukuuzani chilichonse. Kwa iyo uthenga wapita, ntchito yatha.

Khomo lenileni pa Linux ndi /dev/log. Limaoneka ngati fayilo koma ndi socket, ndipo mapulogalamu a pamakina omwewo amaponyera mauthenga awo pamenepo. Musanakhudze Python n'komwe, yesani kaye ngati khomolo likugwira ntchito. Lembani izi pa terminal:

logger -t kuyesa "moni"
journalctl -t kuyesa

Mzere woyambawo ukutumiza uthenga, wachiwiri ukuonetsa zolemba za makina. Mukauona moni wanuyo, makina ali bwino, chatsala ndi kukonza kapulogalamu kanu. Ine ndikanalemba chonchi:

import logging
from logging.handlers import SysLogHandler

h = SysLogHandler(address="/dev/log", facility=SysLogHandler.LOG_LOCAL3)
h.setFormatter(logging.Formatter("zosunga[%(process)d]: %(levelname)s %(message)s"))
log = logging.getLogger("zosunga")
log.addHandler(h)
log.setLevel(logging.INFO)
log.info("Ntchito yayamba")

Mzere wa `setLevel` musaudumphe, chifukwa ndi msampha wachiwiri ndipo mwina nawonso wakukolani. Logging ya Python ikangoyamba imalola WARNING ndi zoopsa kuposa pamenepo basi. Uthenga wa `info` imautaya usanafike n'komwe pa handler, ndiye kuti SysLogHandler ija. Ndiye mutha kukonza adiresi bwinobwino n'kumaonabe zii, mpaka kuyamba kukayikira seva yosalakwa.

Mawu akuti zosunga amene ndaika kutsogolo kwa uthengawo, otsatiridwa ndi nambala m'mabulaketi ndi timadontho tiwiri, ali ndi ntchito yaikulu. Syslog imawerenga mawu oyamba amenewo ngati dzina la pulogalamu imene yalankhula, ndipo nambalayo ndi ya process. SysLogHandler payokha siikamo dzina lililonse. Mukasiya choncho, mizere yanu imasokonekera pakati pa masauzande a mizere ya cron, sshd ndi ena, ndipo tsiku limene bwana adzafunse ngati mafayilo a Lachisanu anasungidwa, mudzatuluka thukuta. Dzinalo likakhalapo, `journalctl -t zosunga --since yesterday` imakuyalirani zanu zokha.

Nanga LOCAL3 ndi chiyani? Apa ndichedwepo pang'ono, poti ambiri amangokopera osadziwa. Syslog ndi yakale ndithu. Anailemba Eric Allman m'zaka za m'ma 1980 pamene ankapanga Sendmail, anthu n'kumaigwiritsa ntchito zaka zambiri popanda chikalata chofotokoza malamulo ake. Chikalata cha RFC 3164 chinadzatuluka mu 2001 kungolongosola zimene zinkachitika kale, kenako RFC 5424 mu 2009 inabwera ndi dongosolo latsopano. M'zonsezi uthenga uliwonse umanyamula zinthu ziwiri. Choyamba ndi facility, kunena kuti wachokera mbali iti ya makina: kernel ndi 0, mapulogalamu wamba a user ndi 1, mail ndi 2, mpaka kukafika 23. Manambala asanu ndi atatu omaliza, 16 mpaka 23, ndiwo local0 mpaka local7, ndipo anawasiya dala kuti eni makina aziwagwiritsa ntchito mmene afunira. Chachiwiri ndi kukula kwa nkhaniyo, kuyambira 0, emerg, pamene makina afika posagwiritsika ntchito, kutsika kudzera pa alert, crit, err, warning, notice ndi info mpaka 7, debug. Onani kuti nambala ikachepa ndiye kuti zinthu zavuta kwambiri, pamene mu Python ndi mosemphana: DEBUG ndi 10, CRITICAL ndi 50. Handler ndi imene imamasulira pakati pa awiriwa, inu musavutike nazo. Facility ndi kukula kwa nkhaniyo zimaphatikizidwa kukhala nambala imodzi, facility kuchulukitsa ndi 8 n'kuonkhetsa kukula kwake. Local3 ndi 19, info ndi 6, ndiye uthenga wanu umanyamuka uli ndi <158> kutsogolo. Mukadzaona nambala yotere m'zolemba zina, musadabwe.

Phindu lake ndi lakuti rsyslog ikhoza kukupatulirani mauthenga anu. Pangani fayilo /etc/rsyslog.d/30-zosunga.conf n'kuikamo:

local3.*    /var/log/zosunga.log
& stop

kenako `systemctl restart rsyslog`. Mzere wachiwiriwo ukuletsa kuti uthenga womwewo ukalembedwenso mu /var/log/syslog, ndipo umagwira ntchito chifukwa mafayilo a mufodayi amawerengedwa motsata mayina, 30 asanafike 50-default.conf wa Ubuntu. Mukachita zimenezi muuzenso logrotate, pulogalamu imene imachotsa zolemba zakale, za fayilo yatsopanoyo, apo ayi idzangokula mpaka disiki kudzaza. Koma kunena zoona, pa kapulogalamu kamodzi koyenda kamodzi pa tsiku ine sindikanapatula. Dzina lija ndi journalctl n'zokwanira.

Mwina mwaonanso kuti Python ili ndi module ina yotchedwa `syslog`, ndipo mukudabwa kuti bwanji sindinayambe ndi imeneyo. Ndi yabwino, ndipo ndi yachidule:

import syslog
syslog.openlog("zosunga", syslog.LOG_PID, syslog.LOG_LOCAL3)
syslog.syslog(syslog.LOG_INFO, "Ntchito yayamba")

Iyi imadutsira pa C library ya makinawo, choncho khomo imalidziwa yokha ndipo vuto lanu silikanabuka. Pa kapulogalamu ka mizere makumi awiri, itengeni. Chimene ndimakondera logging n'chakuti kapulogalamu sikakhala kakang'ono mpaka kalekale. Mawa mudzafuna kuti uthenga womwewo uzionekanso pa sikirini pamene mukuyesa, kapena kuti ma library amene mukugwiritsa ntchito azilemba madandaulo awo malo omwewo, ndipo ma library ambiri a Python amalankhula kudzera mu logging. Module ya syslog imayenda pa Unix pokha, pa Windows kulibe, ndiponso singatumize ku seva ina pa netiweki.

Pali tina ting'onoting'ono timene tingakupunthwitseni. Pa Red Hat ndi abale ake fayiloyo ndi /var/log/messages. Debian 12, imene inatuluka mu 2023, siikanso rsyslog poyamba, ndiye /var/log/syslog mwina simuipeza, zonse zili mu journalctl. M'kati mwa Docker nthawi zambiri /dev/log kulibe, kumeneko ndi bwino kungolemba pa stdout, kumene `print()` imatulutsira mawu. Pa Ubuntu, kuti muwerenge zolembazi muyenera kukhala m'gulu la adm kapena kugwiritsa ntchito sudo. Ndipo `log.exception()` imatulutsa uthenga wa mizere yambiri, pamene syslog inapangidwira mzere umodzi, choncho rsyslog imaulumikiza wonse n'kuika #012 paliponse pamene panali podukira mzere. Sizikongola, koma palibe chatayika.

Chimodzi chokha ndikupempheni muchione lero. Lembani `ls /var/log/journal`. Foda imeneyi ikakhalapo, journald, imene imasunga zolemba zimene journalctl imaonetsa, imasunga zolemba zake pa disiki. Ikasowa, imazisunga ku /run/log/journal, kumene kuli mu RAM, ndipo magetsi akangothima usiku, seva n'kudzuka m'mawa, za dzulo zonse zapita, kuphatikizapo mzere umene ukanakuuzani kuti kukopera kunalekera pati. Ubuntu wa masiku ano amabwera nayo kale, koma ngati mulibe, ipangeni ndi `sudo mkdir -p /var/log/journal`, muyambitsenso systemd-journald.

Chomaliza, kapulogalamuko kazilemba uthenga poyamba ndi pomaliza, ndipo womalizawo uzinena chiwerengero cha mafayilo amene akopedwa. Mukadzaona "Ntchito yayamba" popanda mnzake, mudzadziwa kuti kanafera panjira. Mukadzasowa onse awiri, kafunseni cron ndi `journalctl -t CRON`.