Ndinapita padera kawiri, kodi mutu wanga ukusokonekera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, dzina ndasunga. Anapita padera kawiri, komaliza pathupi pali pa miyezi itatu. Papita miyezi isanu tsopano koma tulo sabwera, akaona mnzawo atabereka khanda kumbuyo m'minibasi misozi imangotsika yokha, ndipo apongozi ayamba kale kutchula za kwa sing'anga. Akufunsa kuti, "Kodi mutu wanga ukusokonekera? Nanga uphungu ungandithandize chiyani poti mwanayo sadzabwerera?"

Achemwali, pepani kwambiri. Mutu wanu sunasokonekere ayi. Muli pa maliro amene simunapatsidwe mpata wolira.

Mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Mtayo amakaika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda chipepeso. Mng'ono wanga zitamugwera, ndinamupeza atakhala pamkeka, m'manja muli kachipewa kaubweya kamene analuka yekha, azakhali akumuuza kuti, "Usalire mwanawe, udzabereka wina." Ankanena mwachikondi, ndikudziwa. Iye anamvera. Koma chaka chathunthu anasiya kupita kumvano, nsima ankangoitsina n'kukankha mbale, ife tonse osazindikira kuti akudwala. Mpaka lero zimandiwawa.

Mwa amayi 10 alionse amene adziwa kuti ali ndi pathupi, mmodzi kapena awiri amapita padera, makamaka m'masabata 12 oyambirira. Pafupifupi theka la zimenezi limachitika chifukwa kamwanako sikanaumbike bwino kuyambira pachiyambi penipeni. Si khasu limene munagwira, si ndowa imene munasenza.

Phungu sangabweze mwana, n'zoona. Ntchito yake ndi kukhala nanu pansi n'kumva zimene kunyumba akuti musanene. Adzakufunsani za kagonedwe, kadyedwe, ndi maganizo amene amabwera pakati pa usiku. Kenako mudzayamba kupatula limodzi zimene zinachitikadi ndi milandu imene mukudziimba nokha. Palinso mantha a pathupi potsatira, aja oti kupweteka pang'ono m'mimba mtima uli phaa! Amenewonso amafunika kuwakonzekera musanaime. Ena kucheza kotereku kumawakwanira, ena dokotala amawaonjezera mankhwala a matenda a nkhawa. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti akutumizani ku Zomba Mental.

Yambirani pachipatala chanu cha ku Chilomoni komweko. Muwauze anamwino zonse ziwiri, za kupita padera ndi za tulo ndi misozi, chifukwa ambirife timanena za thupi zokha. Angathe kukutumizani ku Queen Elizabeth, kumene kuli madokotala a amayi ku Gogo Chatinkha komanso oona za matenda a maganizo. Pemphani akuyezeni shuga, BP, magazi ndi chindoko, ndipo malungo musawapeputse mukadzaimanso. Koma maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, musadikire mawa. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Simunatchulepo za bambo a kunyumba m'kalata yonse, ndipo zimenezi zandikhudza. Nawonso anataya mwana, mwina akungolimba mtima pamaso panu. Apempheni mupitire limodzi, akamve okha zimene adokotala anene. Nkhani ya kwa sing'angayo ayankhe ndi iwowo kwa mayi awo, osati inu, ndipo ikavuta muitane ankhoswe.