Chomwe chinasamutsa banja la Eisenhower kupita ku Kansas

Achemwali, mwafunsa kuti alimi achijeremani aja ku America ankasiyiranji minda yawo yabwinobwino nkumalowera kumadzulo, kaya unali umphawi kaya chani. Ayi ndithu ambiri sanali osauka, ndipo banja lomwe linabala pulezidenti wa America Dwight Eisenhower likuonetsa bwino zimenezi.

Kholo lawo Hans Nicholas Eisenhauer anachokera ku Karlsbrunn ku Germany, anatsika sitima ya pamadzi ku Philadelphia mu 1741 nkukhazikika ku Pennsylvania. Banjali linakhala chigawo chomwecho zaka zoposa 130, kulima, kuweta, chijeremani pakhomo ndi kutchalitchi komwe. Sanali anthu oyendayenda ayi.

Amene anadzanyamula banja ndi Jacob Eisenhower, agogo ake a Dwight, mlimi komanso mlaliki wa mpingo wa River Brethren ku Elizabethville. Mpingo umenewu unali wokhwimitsa zinthu, zovala zosadzionetsera, kubatiza momiza m'madzi, kusambitsana mapazi, ndipo nkhondo ankaikaniratu. Jacob anali pabwino, munda wake, nyumba ya njerwa yomwe anthu ankapemphereramo. Chinavuta ndi malo. Mabanja anali akuluakulu, malo ku Pennsylvania anali atadula kwambiri, ndiye bambo akayang'ana ana ake ankaona kuti munda umodziwu akaugawa aliyense atsala ndi kachidutswa kosadyetsa banja, mwina ena athawira kutauni nkutayana ndi mpingo. Pomwe kumadzulo ku Kansas njanji inali itafika kale ndipo malo anali otchipa, ndalama ya munda umodzi wa kwawo inkagula minda ya ana angapo.

Ndiye mu 1878 anagulitsa munda nkukwera sitima ya pamtunda, osati yekha koma chigulu cha mabanja a mpingo wawo, katundu ndi zipangizo zolimira zonse m'mabogi, ngakhale a Frederick, bambo ake a Jacob, omwe anali atadutsa zaka 80 anapita nawo. Anakafikira ku Dickinson County kufupi ndi Abilene. Apa ndi pomwe ine pamandigwira mtima, anthuwa anasamuka ngati mudzi wathunthu, mlaliki wawo, azibale awo, anansi awo, moti atafika anali ndi owathandiza kumanga ndi kukolola tirigu ndi chimanga. Komanso tisabise, malo otchipawo anali ndi eni ake. Boma la America linali litakankha mitundu ya anthu omwe linawapeza kumeneko, a Kaw omwe dzina la Kansas linachokera kwa iwo anachotsedwa mu 1873, patangotsala zaka 5 kuti a Jacob afike. Nkhani ya khama la alimiwa ikamakambidwa mbali iyi isamasiyidwe.

Ku Kansas zinamuyendera Jacob moti mwana akamalowa m'banja ankamupatsa maekala 160 ndi madola 2,000. Koma mwana wake David ulimi sankaufuna, mtima wake unali pa zamakina. Anapita kukoleji ya Lane ku Lecompton komwe anakumana ndi Ida Stover, nayenso wa magazi achijeremani wochokera ku Virginia, anakwatirana mu 1885. David anapinyolitsa munda uja nkutsegula sitolo mutauni yaing'ono ya Hope, koma makasitomala ake anali alimi ongotenga pangongole ndipo zaka zimenezo ulimi unavuta, sitolo inagwa, munda osabwereranso. Anatsikira ku Denison ku Texas kukagwira ntchito yopukuta mainjini a sitima malipiro ake ochepetsetsa, ndipo Dwight anabadwira kumeneko pa 14 October 1890, m'kanyumba ka lendi m'mbali mwa njanji.

Amene anamubweza David ku Kansas ndi abale omwe aja a mpingo. Mu 1892 anamupezera ntchito ku Belle Springs Creamery, fakitale ya mkaka ndi batala ku Abilene yomwe inali m'manja mwa anthu a River Brethren, ndipo ndi ntchito imeneyi analera anyamata 6, wina mmodzi anamwalira ali khanda. Anyamatawo ankalima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba nkumagulitsa, ndipo Dwight nayenso anagwirako ntchito pafakitale yomweyo asanapite kusukulu ya usilikali ya West Point mu 1911, zomwe zinawaliza mayi ake chifukwa iwo nkhondo ankadana nayo.