Kasinja safuna penti watsopano, achimwene

Mnzathu wina wandilembera imelo kuti wapaka penti wa Contrast pa Sherman wake, kachidole ka kasinja wa ku America ka masewera a nkhondo a patebulo a Bolt Action, ndiye watuluka wamathothomathotho, akufunsa ngati agule penti wina wa Speedpaint mwina zisintha. Ayi ndithu, ndalamazo sungani.

Funsoli landikhudza chifukwa kukalabu kwathu mkangano ndi womwewu chiyambire 2019 pamene Games Workshop anatulutsa Contrast. Aliyense anabwera ndi timabotolo, akuti basi kupaka kamodzi wamaliza. Pa tiasilikali amagwiradi ntchito, sindikana, pentiyu ndi wamadzimadzi ndiye amathamangira m'makwinya a yunifolomu n'kusiya pamwamba powala. Koma kasinja ali ndi makwinya ati? Chifuwa cha Sherman ndi chafulati, penti amasowa kolowera, amangodikha ngati zithaphwi n'kuuma choncho. Speedpaint wa Army Painter anabwera 2022, Vallejo nawo ali ndi Xpress Color, koma nzeru yake ndi imodzimodzi, musintha botolo mathotho omwewo.

Ine amanditopetsa ndi anyamata a m'mavidiyowa, mwezi uliwonse penti wina akuti uyu ndiye mapeto. Bodza. Kukalabu tili ndi mdala wina amapenta ma Panzer, akasinja a Ajeremani, a masewera ena a Flames of War, tating'ono tija ta 15mm, ndi burashi yothothoka ubweya komanso mabotolo oti zolemba zinafufutika kalekale, koma akayala patebulo masewera amaima kaye anthu aone. Ukamufunsa za chikasu chenicheni cha Ajeremani, dunkelgelb chija anayamba kupaka 1943, amangoseka, akuti wobiriwira ndi wabulauni asilikali ankalandira ali phala n'kumasungunula okha ndi petulo kapena madzi, ndiye akasinja awiri sankafanana. Ine ndili mbali yake. Zosakasaka mtundu weniwenizi ndi za anthu oopa kugwira burashi.

Ndiye mutani?

Mupopereni Sherman wanuyo ndi sipule ya olive drab, wobiriwira wachisilikali uja, mopepuka, mathothowo abisika. Agrax Earthshade, penti wamadzimadzi wabulauni woika mithunzi, ikani m'mizere ndi kuzungulira mabawuti mokha, osati thupi lonse. Kenako burashi youma yokhala ndi wobiriwira wowalirako m'mphepete, kasiponji ka bulauni wakuda podontheza pomwe penti amanyuka. Contrast wanuyo musataye, pakani zikwama, mabokosi ndi matenti omanga kumbuyo kwa kasinja, pamenepo makwinya alipo.