Musanapite ku wailesi, dziwani kaye mwini wa ngalandeyo

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mukuti m'dera lanu, mumzinda waukulu umene mukukhala, ngalande yatsekeka ndipo zinyalala zaunjikana, mwalembera phungu wa nyumba ya malamulo koma kuli zii, tsono mukufunsa ngati ndi bwino kupita ku wailesi kapena kukonza zionetsero. Ine ndikuti zimenezo zidikire. Yambani mwafufuza kuti ngalandeyo ili m'manja mwa ndani, chifukwa kawirikawiri phungu alibe mphamvu yotumiza ngakhale galimoto imodzi yotola zinyalala. Ntchito imeneyo ndi ya khonsolo.

Vuto la mizinda ikuluikulu ndi loti ulamuliro wake ndi wogawikana kwambiri. Taonani London. Kuyambira 2000 mzindawu uli ndi meya woyang'anira mabasi, sitima zoyenda pansi pa nthaka ndi misewu ikuluikulu yowerengeka. Koma kutola zinyalala ndi kukonza misewu ya m'makwalala zili m'manja mwa makhonsolo 32 a m'madera. Munthu akhoza kulembera meya chaka chathunthu za bini losefukira, osathandizidwa, pomwe ofesi yoyenera ili pafupi ndi kwawo. M'mizinda ina msewu ndi wa boma, ngalande ya m'mbali mwake ndi ya khonsolo, paipi yodutsa pansi pake ndi ya kampani ya madzi, ndipo aliyense amaloza mnzake chala. Choncho pitani ku khonsolo mukafunse mosazungulira kuti ndi dipatimenti iti yoona za ngalande, ndipo khansala wa wodi yanu ndani.

Mukadziwa, lembani kalata yaifupi ya nkhani imodzi yokha. Musaphatikizemo magetsi, umbava ndi maenje a pamsewu, adzangoiika pambali. Jambulani chithunzi madzi atadzaza mpaka pakhonde, mapepala apulasitiki atatseka pakamwa pa ngalande, ana akudumphadumpha pamiyala popita kusukulu. Lembani tsiku. Kalatayo isindikizeni pawiri, ina aidinde inu muisunge. Chidindo chimenecho chidzakuyankhulirani tsiku limene wina adzanene kuti sanamvepo za nkhaniyi.

Koma chimene ndikufuna kutsindika ndi nthawi. Dandaulo lofika bajeti itavomerezedwa kale limayankhidwa kuti ndalama palibe, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Funsani mwezi umene khonsolo imamva maganizo a anthu pa bajeti ya chaka chamawa, mukakhalepo. Mipata yotere ilipo m'mizinda yambiri, kungoti anthu saidziwa. Ku New York kuli mabodi 59 a m'madera amene misonkhano yake aliyense akhoza kukakhalapo, ndipo amapereka maganizo pa bajeti ya mzinda. Ku Johannesburg lamulo la 1998 limalola makomiti a mawodi, otsogozedwa ndi khansala, okhala ndi anthu ena osapitirira 10. Ku Porto Alegre, m'dziko la Brazil, kuyambira 1989 anthu wamba anayamba kusankha okha ntchito zoyambirira kugwiridwa, ndipo madera osauka ambiri anasankha madzi, ngalande ndi misewu. Si zonse zimayenda bwino m'mabwalo oterewa, ena amangokhala a dzina, komabe mpando wanu ukakhala wopanda munthu ena amakusankhirani.

Musapite nokha. Mumzinda anthu oyandikana nyumba amasiyana zilankhulo, zipembedzo ndi kochokera, ndipo ambiri ndi alendi amene amaganiza kuti nkhani za dera ndi za eni nyumba okha. Alimbikitseni, madzi akasefukira amanyowetsa mphasa yawo yomwe. Itanani a kutchalitchi, a kumzikiti, ogulitsa malonda m'mbali mwa msewuwo. Mutu umodzi susenza denga. Chonde, gulu lanulo lisavale mtundu wa chipani. Chisankho chikayandikira adzabwera ofuna kujambulitsa nanu. Alandireni mwaulemu onse mofanana, muwafunse kuti alembe tsiku limene ntchito idzayambe.

Za wailesi sindikukana. Mukadikira nthawi imene anakulonjezani osaona kanthu, pitani, mutanyamula makalata odindidwa, zithunzi ndi mayina a omwe anasaina. Mtolankhani amakhala ndi poyambira, ndipo funso lake limapita kwa mkulu weniweni wa dipatimentiyo.