Makala a zitsononkho ndi mtovu wa m'chitsime: yankho kwa mayi wa ku Kabwe

Mayi wina wa ku Kabwe, m'dziko la Zambia, wanditumizira imelo. Ali ndi ana atatu ndi chitsime chosazama kuseri kwa nyumba, ndipo anamva kuti makala a zitsononkho amachotsa mtovu m'madzi. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati ana angamwe madzi osefedwa ndi makala otere.

Amayi, zimene munamvazo si bodza. Makala amenewa, omwe akatswiri amawatcha biochar, amapangidwa potentha zotsala za m'munda monga zitsononkho, makoko a mtedza kapena mankhusu a mpunga m'diramu yovundikira, kuti mpweya ulowe wochepa, pa kutentha kwa madigiri 300 mpaka 700. Moto wosowa mpweya sumaliza kudya, umangotulutsa utsi ndi chinyezi. Mukathyola chitsononkho chopsa bwino mupeza kuti n'chopepuka, chakuda mpaka pakati, chodzaza timabowo ngati chisa cha njuchi. Madzi akamadutsa pang'onopang'ono m'timabowomo, zitsulo monga mtovu, cadmium ndi mkuwa zimakakamira m'makoma ake. Khalalo limataya kashiamu ndi potaziyamu wake n'kugwira mtovu m'malo mwake, ndipo phulusa lotsalamo limachepetsa asidi wa m'madzi, mtovu wina n'kukhazikika ngati nsenga. Arsenic, poizoni wina wopezeka m'madzi, ndiye amavuta: makala wamba samugwira bwino pokhapokha atawonjezeramo chitsulo.

Funso lanu lachiwiri ndilo landikhudza mtima, ndipo ndikuyankhani mosapsatira: musawamwetse ana madziwo musanawayezetse. Mtovu suoneka, sununkha, sumveka pa lilime. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linaika malire a mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa, kachulukidwe kochepa moti madzi oyera mbee m'kapu angathe kupyola malirewo inu osadziwa. Choopsa china n'chakuti makala amakhuta. Akakhuta amaleka kugwira, koma madzi amatulukabe owala ngati tsiku loyamba. Palibe chokuchenjezani. Ndi labotale yokha imene ingakuuzeni, ndiye tengani mabotolo awiri, lina la madzi a m'chitsime, lina la madzi osefa, ndipo mubwerezenso pakapita milungu. Podikira zotsatira, madzi akumwa ndi ophikira phala tungani pa mpopi.

Ndiponso musadalire kuwiritsa. Kuwiritsa ndi kolorini zimapha tizilombo ta kolera, koma mtovu si kachilombo. Madzi akamaphwa mumphika, mtovu umatsala momwemo, wochuluka kuposa poyamba.

Pali chinthu china chimene simunafunse, koma sindingachisiye. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe, kale Broken Hill, unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994, ndipo phiri la zinyalala zake, lomwe anthu amati Black Mountain, lidakalipo. M'madera ngati Kasanda, Chowa ndi Makululu, mtovu wambiri umalowa m'thupi la mwana kudzera m'fumbi ndi dothi. Taganizani za khanda likukwawa pabwalo m'mwezi wa Okutobala, kamphepo kakuulutsa fumbi, ilo tizala tili m'kamwa. Sefa ya madzi singafike pamenepo. Kolopani m'nyumba ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa pouma, asambitseni m'manja asanagwire nsima, ndipo pitani nawo kuchipatala akayezedwe mtovu m'magazi, chifukwa umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete.

Mukafuna kuyesa sefayo, sinjani makala mumtondo afike ngati timbewu ta mpunga, muwatsuke mpaka madzi asiye kuda, muwaike mundowa pakati pa mchenga ndi timiyala, madzi azitsika modontha. Makala okhutawo musakawathire kudimba ngati manyowa, ndipo musawasonkhere pa mbaula, poti mtovu wonse umene agwira uli momwemo. Atsekereni m'chidebe, kutali ndi chitsime ndi posewerera ana.